Mabuleki a minofu: yankho langa kwa mnyamata wa ku Joni

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Mukudziwa kale mmene teremu ino imakhalira: mayeso, kuchonga mapepala mpaka pakati pa usiku, ndipo ukati ukhale pansi ulembe kanthu magetsi athima. Koma lero ndaumirira, chifukwa nkhani imene ndili nayo yandisowetsa tulo.

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Biology zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Pano ali ku Joni. Ali pasukulu anali kamnyamata kowonda ngati bango, koti chiperoni chikawomba tinkachita kukadera nkhawa. Pa chithunzi chimene ananditumizira ndinachita kumuyang'ana kawiri: chifuwa ngati chitseko, mikono ngati misi. Kenako anatumiza chithunzi china, cha chitini cha ufa cholembedwa kuti myostatin blocker, ndi funso lakuti, "Sala, paja munkatiuza za majini. Mnzanga wa ku jimu akuti ufa uwu umatseka jini loletsa minofu kukula. Ndigule?" Mtengo wake unali woti kumudzi kuno ukanagula thumba la feteleza.

Ndinamuyankha mawu awiri okha: usagule, dikira. Tsono yankho lalitali ndi ili, ndipo ndalemba poyera chifukwa ndikudziwa kuti si yekha amene akunyamula zitsulo masiku ano.

Ndiyambe ndi mawu akuti jini, chifukwa chaka chilichonse ndikangowatchula mu Fomu 4 kalasi yonse imafa ndi phwete, ena n'kumafunsa ngati ndikunena majini ogwira anthu aja. Kwa amene munaiwala: m'maselo a thupi lathu muli DNA, buku la malangizo lolembedwa ndi malembo 4 okha, A, T, G ndi C. Jini ndi kachigawo ka bukuli kamene kamauza selo kapangidwe ka puloteni inayake. Munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000, ndipo ambiri timakhala nawo awiriawiri, limodzi lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Mukukumbukira nsawawa za Mendel zija? Nkhani yake ndi yomweyo.

M'chaka cha 1997, ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, akatswiri a sayansi Se-Jin Lee ndi Alexandra McPherron anapeza jini lina limene ntchito yake sinkadziwika. Kuti aidziwe anachita zimene akatswiri a majini amakonda kuchita: analichotsa mwa mbewa za mu labotale n'kudikira kuti aone chimene chisokonekere. Mbewazo zinabadwa bwinobwino, koma zitakula minofu yake inali yolemera kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi ya mbewa zinzake. Anyamata ofukula mbewa a kwathu kuno akanaziona akanavina tsiku lonse. Akatswiriwo anazindikira kuti ntchito ya jinili ndi kuuza minofu kuti basi, kukula kwakwana. Ndiye chifukwa chake puloteni yake anaitcha myostatin, kutanthauza choimitsa minofu. Ine m'kalasi ndimangoti mabuleki. Mwa ife anthu jinili lili pa chromosome 2.

Chaka chomwecho zinadziwika kuti alimi a ku Ulaya anali ataweta kale nyama zothyoka mabuleki kwa mibadwo ingapo, osadziwa chimene chinkachitika m'kati. Ku Belgium kuli mtundu wa ng'ombe wotchedwa Belgian Blue. Mukaiona pa chithunzi mungaganize kuti wina waipopa ndi pampu, minofu ili mabampumabampu thupi lonse. Mu jini lake la myostatin mukusowa malembo 11 okha. Ng'ombe za Piedmontese za ku Italy nazo n'zotero, koma kwa izo ndi chilembo chimodzi chimene chinasintha. Kwa wogulitsa nyama, ng'ombe zotere ndi chuma. Koma funsani mlimi. Matole ake amakhala aakulu kwambiri moti ng'ombe zambiri za Belgian Blue zimabereka pochitidwa opareshoni. Mtima ndi mapapo ake ndi zazing'ono poyerekeza ndi thupi limene zikuyenera kulitumikira, choncho sizichedwa kutopa ndipo kutentha sizikupirira. Muimange pa ngolo ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, muone ngati ingapose kang'ombe kathu ka linunda. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Agalu nawonso anatiphunzitsa kanthu. Mu 2007 akatswiri a ku America anaunika agalu a mpikisano wothamanga otchedwa whippet. Anapeza kuti galu amene watengera jini lowonongeka kwa kholo limodzi lokha amakhala ndi minofu yochulukirapo pang'ono, ndipo agalu otere ndi amene ankapezeka kwambiri m'gulu la othamanga zedi. Koma amene watengera kwa makolo onse awiri amasanduka chidzete chotupa minofu, ndipo kawirikawiri mumpikisano salowamo n'komwe. Aphunzitsi anzanga, chitsanzo cha heterozygous ndi homozygous chokoma kuposa ichi mungachipeze kuti?

Nanga munthu? Mu 2004 madokotala a ku Berlin ku Germany, motsogozedwa ndi Markus Schuelke, analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine za mwana wamwamuna amene anabadwa ndi minofu yotukuka m'ntchafu ndi m'mikono. Majini ake onse awiri a myostatin anali osagwira ntchito. Asanakwanitse zaka 5 ankatha kunyamula zitsulo zolemera makilogalamu 3 dzanja lililonse, mikono ataitambasula. Mayi ake, amene kale anali katswiri wa zamasewera, anali ndi jini limodzi lowonongeka. Nyuzipepala za dziko lonse zinasimba za mphamvu za mwanayo. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi china: madokotalawo ankamupima mtima mobwerezabwereza. Pa nthawiyo sanapeze vuto lililonse, koma anachenjeza kuti mwanayo anali akadali wamng'ono kwambiri kuti anene motsimikiza.

N'chifukwa chiyani ankadera nkhawa mtima? Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Mu Fomu 3 timaphunzitsa kuti minofu ilipo ya mitundu 3: yogwira mafupa, yosalala ya m'matumbo ndi m'mitsempha ya magazi, ndi ya mtima. Ana amaloweza, amakhoza mayeso, kenako n'kuiwala kuti mtima nawo ndi mnofu. Ndi mnofu umene umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku ndipo sudziwa Sabata kapena holide. Tsono mu 1999 akatswiri a ku New Zealand, pounika mitima ya nkhosa, anapeza kuti mtima nawo umapanga myostatin, ndipo mbali ina ya mtima ikafa chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, maselo ozungulira balalo amayamba kuipanga yambiri. Pambuyo pake zinapezekanso kuti mwa anthu amene mtima wawo ukulephera kupopa bwino magazi, myostatin imachuluka mumtima ndi m'magazi.

Amene munasamalirapo wodwala matenda amenewa mukudziwa mmene amaonekera. Miyendo imatupa, akayenda pang'ono phuma, usiku sagona chagada. Matendawa akafika patali munthu amayamba kuwonda, mikono ndi ntchafu n'kutsala mafupa, ngakhale akudya. Kumudzi anthu amayamba kunong'onezana, ena akuti wamulodza, ena akuti ndi matenda aja. Mu 2010 gulu la akatswiri a ku Cincinnati ku America, momwe munali Joerg Heineke ndi Jeffery Molkentin, linaonetsa mbali imodzi ya chimene chimachitika. Anatenga mbewa zimene anazichotsa jini la myostatin mumtima mokha, n'kuchititsa kuti mitima yake ilephere. Mbewa zimenezi minofu ya m'miyendo sinafote, pamene zinzake zokhala ndi jinilo mumtima zinafota. Kunena kwina, mtima ukakhala pa mavuto umathira myostatin m'magazi, ndipo minofu ya thupi lonse imamva uthengawo n'kuyamba kuchepa.

Munthu akamva zimenezi akhoza kulumphira kunena kuti basi, myostatin ndi mdani, tiichotse. Dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2014 akatswiri a ku Max Planck Institute ya ku Bad Nauheim, ku Germany, anachita kafukufuku wina. Iwo anadikira kuti mbewa zikule kaye zili bwinobwino, kenako n'kuzimitsa jinilo m'maselo a mtima. Zotsatira zake zinali zoopsa. Mitima inakula mopitirira muyeso, kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu m'maselo kanasokonekera, mitima inayamba kulephera, ndipo mbewa zina zinafa. Chinthu chomwecho chimene chikachuluka chimafoola miyendo ya wodwala, chikasowa mwadzidzidzi chingathe kugwetsa mtima wa nyama yathanzi.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, Sala, mbewa si munthu. Zoona, ndipo ine ndimanena zomwezo m'kalasi. Kugwirizana kwa myostatin ndi matenda a mtima mwa anthu ndi nkhani imene akatswiri akuifufuzabe, ndipo m'mayesero a mankhwala oletsa myostatin madokotala amayang'anira odwala mosamala. Koma taonani kusiyana kwake. Kumeneko kuli dokotala, makina ounikira mtima ndi mlingo woyezedwa. Mnyamata wanga wa ku Joni ali ndi chitini, supuni ndi mawu a mnzake wa ku jimu.

Pali chinthu china chimene ndikufuna ana anga muchimvetse: mtima waukulu si mtima wamphamvu. Mnofu wa pamkono ukakula umakhala ndi malo okulira. Khoma la mtima likakhuthala, chipinda cholandira magazi chimachepa, mnofuwo umauma, ndipo kagundidwe kangathe kusokonekera. Okonda mpira achikulire mukukumbukira tsiku la 26 June 2003, mumzinda wa Lyon ku France, pamene Cameroon inkasewera ndi Colombia mu Confederations Cup. Marc-Vivien Foé, mwamuna wa zaka 28, wamtali ndi wamphamvu, anangogwa pakati pa bwalo popanda womugunda, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Atamupima anapeza matenda otchedwa hypertrophic cardiomyopathy, okhuthalitsa khoma la mtima. Ndinene momveka: matenda amenewa kawirikawiri amabwera chifukwa cha majini ena, monga MYH7 ndi MYBPC3, osati myostatin, ndipo amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500 alionse. Ndamutchula Foé kuti muone kuti thupi lokongola kunja silikuuza kanthu za mnofu umene uli kuseri kwa nthiti.

Tsopano tibwerere ku chitini chija. Chiyambire 1997, makampani akuluakulu opanga mankhwala akhala akuyesetsa kutseka myostatin, ndipo cholinga chawo n'chabwino: kuthandiza ana obadwa ndi matenda ofoola minofu ndi okalamba amene mphamvu zikuwathera. Kampani ya Wyeth inayesa mankhwala otchedwa MYO-029 pa akuluakulu odwala muscular dystrophy, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 sizinaonetse kuti odwalawo apeza mphamvu. Kampani ya Pfizer inayesa ena otchedwa domagrozumab pa anyamata odwala mtundu wa Duchenne, n'kusiya mu 2018 chifukwa sanathandize. Mu 2024 kampani ya Scholar Rock inalengeza zotsatira zabwino za mankhwala ake a apitegromab pa odwala spinal muscular atrophy, ndipo amenewa ndi olowetsa m'mitsempha kuchipatala, osati othira m'phala. Werengani zaka: kuchokera 1997 kufika 2024 ndi zaka 27, za anthu ophunzira kwambiri okhala ndi ndalama zankhaninkhani. Ndiye wina akuuzeni kuti yankho lili pa shelefu pafupi ndi ma T-shirt a ku jimu?

Mmene ndikuonera ine, chitinicho chili ndi njira zitatu zokha. Yoyamba, ufawo sugwira ntchito imene alemba, ndiye ndalama ya feteleza yapita. Yachiwiri, ukugwiradi ntchito, ndiye kuti ukusewera ndi mabuleki amene mtima wako ukugwiritsanso ntchito, popanda wokuyeza. Yachitatu ndi imene ikundiopsa kwambiri: minofu ikukuladi, koma chikuikulitsa ndi china chimene sanalembe pa chitini. Izi si zongopeka. Labotale ya ku Cologne ku Germany inagula mitundu 634 ya zakudya zowonjezera za anthu a masewera m'mayiko 13, m'zaka za 2000 ndi 2001, ndipo mitundu 94, pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, inali ndi ma steroid amene sanatchulidwe pa chikuto. Za ma steroid ndi mtima palibenso mtsutso: amakhuthalitsa ndi kufooketsa mnofu wa mtima, amakweza BP, ndipo amathandiza kuti mitsempha itsekeke munthu akadali mnyamata. Kwa amene mumalota zosewera m'timu ya dziko, dziwaninso kuti bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera, linaika zoletsa myostatin pa mndandanda wake.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi jimu, ndipo ndinanyadira nditaona kamnyamata kowonda kaja katasanduka mwamuna wodzisamala, wosamwa mowa. Kunyamula zolemera n'kwabwino, ndipo kafukufuku waonetsa kuti kumatsitsa myostatin m'minofu imene ikugwira ntchitoyo. Thupi limadziwa lokha kumasula mabuleki pang'onopang'ono, pamalo oyenera, mtima ndi mitsempha zikuzolowera limodzi. Onani akabaza amene amakweza munthu ndi thumba la chimanga pamtunda, kapena amayi amene amasinja ndi kusenza madzi tsiku ndi tsiku. Minofu yawo inachokera ku nsima, nyemba, usipa, mazira, mtedza ndi ntchito. Ndipo funsani wakabaza aliyense chimene amayamba kuyang'ana asanatsike chitunda. Sakuuzani za mapedulo.

Ngati mukufunadi kudera nkhawa za mtima, mdani amene ali pakhomo pathu ndi wina. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi pa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP yokwera imachititsa mtima kupopa molimbana zaka ndi zaka, khoma lake limakhuthala, kenako umatopa n'kulephera. Ine ndemwe ndinaidziwa yanga mwangozi, nditaperekeza mayi a kunyumba kuchipatala, namwino n'kunena kuti bambo bwerani nanunso tikuyezeni. Ndinali ndisanamvepo kupweteka paliponse. Mpaka lero ndimamwa kapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo mchere wa patebulo ndinausiya. Mphunzitsi wa Biology, wojambula mtima pa bolodi chaka ndi chaka, wosadziwa za mtima wake womwe! Ndinachita manyazi.

Tsopano kwa inu aphunzitsi anzanga. Nditafotokoza nkhaniyi mu staff room, mnzanga wina anati, "Achimwene, zimenezo pa MSCE sizibwera, mukungotaya nthawi ya ana." Ndikumumvetsa. Silabasi ndi yaitali, makalasi ndi odzaza, ndipo kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi likufuna satifiketi, osati nthano za ng'ombe za ku Belgium. Koma funso limene mnyamata uja anandifunsa ndi mayeso nawonso, ndipo akalephera amenewo palibe kubwereza. Iye anakhoza bwino Biology. Matebulo a Punnett ankawajambula ngati madzi. Komabe atamva mawu akuti jini loletsa minofu, maganizo ake anathamangira kuti chinthu choletsa n'choipa. Cholakwa ndi changa. Ndinamuphunzitsa kuti jini limapanga ichi, jini limapanga icho, koma sindinamuuze mokwanira kuti majini ambiri ntchito yawo ndi kunena kuti leka, ndiponso kuti jini limodzi lingagwire ntchito m'ziwalo zingapo, moti ukalikhudza kumkono umalikhudzanso kumtima.

Nkhani ya myostatin imatenga mphindi 10 zokha, ndipo m'kati mwake muli mutation, muli homozygous ndi heterozygous, muli kusankha mbewu ya ziweto, muli mitundu ya minofu. Zonsezi zili kale mu silabasi yathu. Chowonjezera ndi chimodzi, ndipo ndi chimene ana athu akuchisowa kwambiri masiku ano a mafoni: kuzolowera kufunsa kuti, kodi anayesa pa ndani, pa mbewa kapena pa anthu? Anayesa ndani, wogulitsa yemweyo kapena wina? Nanga chinachitika n'chiyani ku ziwalo zina? Mwana wodziwa kufunsa mafunso atatu amenewa sangagulitsidwe ufa wa minofu, tiyi wochepetsa mimba kapena mafuta oyeretsa khungu mwachisawawa. Safunsa anadya phula.

Mnyamata uja ndinamutumizira zonsezi mwachidule, ndipo anayankha ndi kachithunzi koseka, n'kuti, "Sala, simunasinthe, funso limodzi yankho ma peji 10." Za chitini sananene ngati wachisiya kapena ayi, ndipo ine sindingamulondole mpaka ku Joni. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, chimene ndikupemphanso nonse amene mwawerenga mpaka pano: mwezi uno usanathe pitani mukayezetse BP. Ngati m'banja mwanu munali wina amene anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi akadali wachinyamata, kapena inuyo mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pochita masewera, auzeni adokotala musanawonjezere chitsulo china pa ndodo.

Iwe mwana wanga, ndikudziwa uwerenga. Zitsulozo pitiriza kunyamula, ndalamayo tumiza kumudzi mvula isanagwe, ndipo ukabwera pa Khirisimasi udzandipeze ndi kapepala kolembedwa manambala a BP yako. Ine ndidzakuonetsa anga.

Aphunzitsi anzanga amene muyese nkhaniyi m'kalasi, mundiuze mmene ana ailandirira. Tionananso ndikamaliza mulu wa mapepala uli pambali pangawu.